PAKHOMO PATHU: Kanema wamkulu amene adapha batire ku Chitipa

 Mwa makalata amene talandira kuchokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, angapo akufunsa chinthu chimodzi. Ana akuumiriza kuti pakhomo pakhale kanema wamkulu ndi makina a magemu, ena ali ndi mwana ku Joni amene akufunsa kuti atumize chiyani, ndipo makolo sakudziwa poyambira. Bambo wina walemba kuti: "Ndikalowa m'sitolo onse amaoneka okongola, wogulitsa amayankhula Chingerezi cha manambala okhaokha, ine ndimangogwedeza mutu."

Yankho lathu tilitenga kutali ndi nyanja. Mwezi wathawu tidali ku Chitipa kukaona mwana wa mlongo wathu amene ndi mphunzitsi kumeneko, ndipo zimene tidakapeza m'nyumba mwake zikuyankha makalata onsewa kuposa momwe ife tikadayankhira. Iye watilola kuti tizisimbe, malinga tisatchule dzina. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene tidakapeza

Chitipa, amene kale ankatchedwa Fort Hill, ndi boma lakumapeto kwenikweni kumpoto kwa dziko lino. Lachita malire ndi Tanzania ndi Zambia, ndipo kalembera wa 2018 adapezako anthu oposa 230,000. Kuchokera ku Karonga munthu amakwera mapiri mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa tara umene udamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Kwa munthu wa kumeneko, Nakonde wa ku Zambia ndi Tunduma wa ku Tanzania, matauni awiri oyang'anizana pamalire, ali pafupi kusiyana ndi Mzuzu. N'chifukwa chake katundu wambiri wa magetsi amene ali m'nyumba za ku Chitipa adatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kudzera ku Tunduma, monga momwe wathu kuno amadzera pa basi ya ku Johannesburg.

Mnyamata wathuyu amaphunzitsa pa sukulu ina kumene mawaya a ESCOM sadafike. Pa denga ali ndi panelo ya sola ya mawati 150, ndipo m'nyumba muli batire imodzi ya 100Ah imene kwa zaka ziwiri idakhala ikuyatsa mababu ndi kutchaja mafoni popanda vuto. Tsono chaka chatha adaganiza zoyamba kabizinesi: Loweruka ndi Lamulungu azionetsa mpira wa ku England, ndipo mpira ukatha anyamata azilipira n'kumasewera magemu. Maganizo adali abwino ndithu. Adatenga zimene adasunga, adaonjezera mpamba wa mkazi wake amene amagulitsa usipa wa ku Karonga, adakongolanso pang'ono ku banki m'khonde, ulendo wa ku Tunduma. Adabwerako ndi kanema wa mainchesi 55 wolembedwa 4K, ndi PlayStation 4 ya kaunjika ndi mapadi awiri.

Tidafika Loweruka masana. Atatilonjera adati: "Amjomba, mwafika bwino, koma mpira wa lero sitiuonera mpaka kumapeto." Tidayesa nthabwala. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, inveta idayamba kulira, kanema adathima, ndipo anthu amene adalipira adaimirira kufuna ndalama zawo. Mkazi wake, amene adali chete nthawi yonseyi, adaloza pakhoma ndi kutiuza motsitsa mawu kuti: "Amjomba, usipa wanga wonse uli apo."

Titafufuza tidapeza mavuto anayi. Batire idali itatheratu mphamvu kaamba kokamidwa mpaka pansi sabata ndi sabata. PlayStation idali itasiya kutsegula magemu kaamba kothimira pakati pa sewero kambirimbiri. Kanema titamuyeza ndi tepi ya telala adapezeka kuti ndi wa mainchesi 50, osati 55. Ndipo lisiti panalibe, pamene sitolo imene adamugula ili m'dziko lina. Palibe chimodzi mwa zinayizi chimene chikadachitika akadayamba wakhala pansi ndi pensulo asanakwere galimoto.

Yambani mwafunsa magetsi

Amene tidaona Television Malawi ikuyamba m'chaka cha 1999 tikukumbukira momwe zidaliri. Mlongoti udali nsungwi, kanema adali wamng'ono wa chimimba kumbuyo, ndipo batire ya galimoto inkapita pa njinga kukatchajitsa ku tauni. Masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti batire ndi ya masiku angati, ndipo nkhani zikatha ankathimitsa. Nzeru imeneyo ndi imene tataya. Lero timayamba kusirira kanema m'sitolo, za magetsi timazikumbuka titafika kunyumba.

Batire ili ngati mgolo wa madzi, ndipo chinthu chilichonse chimene mwalumikiza ndi mpopi wotsegula. Kukula kwa mpopi kumalembedwa kumbuyo kwa chinthucho ndi chilembo cha W, ndiwo mawati. Kukula kwa mgolo mumakupeza pochulukitsa: batire ya mavoliti 12 ndi 100Ah ndi 1,200. Koma batire wamba ya asidi sifuna kutsika kupitirira theka, apo ayi imafa msanga. Choncho zanu zenizeni ndi 600, kutanthauza kuti chinthu cha mawati 600 chiyaka ola limodzi, cha mawati 100 chiyaka maola 6.

Tsono onani za mphunzitsi wathu. Kanema wa kukula kumeneko amadya mawati pafupifupi 100. PlayStation 4 ya mtundu woyamba ikakhala pa sewero imadya kuposa 100, nthawi zina kufika 140. Inveta nayonso imadyapo gawo lake posandutsa magetsi a batire kuti afanane ndi a ESCOM. Zonse pamodzi zimapitirira 250, ndiye kuti maola awiri ndi pang'ono mgolo wafika pa theka. Iye ankafuna maola 6 kapena 7 pa tsiku. Panelo ya mawati 150 pa tsiku la dzuwa labwino imabwezera pafupifupi 500 kapena 600 basi, ndipo nthawi ya mvula, makamaka cha ku mapiri a Misuku kumene nkhungu imachedwa kuchoka, imabwezera zochepa kuposa apo. Mgolo unkatuluka zambiri kuposa zimene unkalandira. Batire ya lithium imalola kutsika kwambiri osaonongeka, koma mtengo wake ndi wina, ndipo nayonso imafuna mapanelo okwanira.

Akadagula kanema wa mainchesi 32, amene amadya mawati 40 kapena 50, ndi dikoda ya mawati 10, batire yomweyo ikadaonetsa mipira itatu yotsatizana n'kutsalako. Aliponso makanema opangidwira sola amene amalumikizidwa ku batire ya mavoliti 12 popanda inveta, ndipo amenewa sataya mphamvu panjira. Ngati inveta ikufunika ndithu kaamba ka makina a magemu kapena kompyuta, funani yolembedwa pure sine wave. Zotsika mtengo zija zimatulutsa magetsi okhakhala amene amatenthetsa zipangizo.

Amene muli pa ESCOM musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kumpoto kuli kasiteshoni kakang'ono ka Wovwe ku Karonga. Tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, pamene Kapichira adaonongeka ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Chimene chimapsereza zipangizo kawirikawiri ndi nthawi imene magetsi akubwerera, chifukwa amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira. Kabokosi kamene m'masitolo amati TV guard kamadikira kaye kuti magetsi akhazikike kasanawalole kulowa, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa kanema. Muziwerengere ngati mbali ya kanemayo. Koma mphenzi sikaiona ngati kanthu. Kukayamba kugunda, zulani pulagi pakhoma, zulaninso waya wochokera ku dishi kapena ku mlongoti, poti mphenzi imakonda kulowera kumeneko.

Kusankha kanema

Magetsi mutawadziwa, ndiye muyang'ane chipinda. Mainchesi a kanema amayezedwa mopingasa, kuchokera pa ngodya ya pansi kufika pa ngodya ya pamwamba ya mbali inayo, galasi lokha osawerengera felemu. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, motero wa mainchesi 32 akhale masentimita 81, wa 43 akhale 109, wa 55 akhale pafupifupi 140. Lembani manambalawa pa kapepala, tengani tepi, yezani pamaso pa wogulitsa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pa balaza lathu lambiri, pamene mpando uli mamita awiri kuchokera kukhoma, wa 32 kapena 43 ndi wokwana.

Dzina loti pulazima limene timatchulira kanema aliyense wopyapyala ndi longozolowera. Mapulazima enieni makampani akuluakulu adasiya kuwapanga cha m'ma 2014, ndipo ankadya magetsi kwambiri. Wina akakupatsani wa kaunjika wolemera, wotentha kumbuyo, musamalandire msanga ngakhale atsike mtengo. Ambiri amene ali m'masitolo lero ndi a LED.

Nanga manambala a Chingerezi aja? Chithunzi cha pa kanema ndi timadontho ting'onoting'ono. Wolembedwa HD Ready amakhala ndi 1366 m'litali ndi 768 m'lifupi. Full HD ndi 1920 ndi 1080. 4K ndi 3840 ndi 2160, kuchulukitsa kanayi timadontho ta Full HD. Koma kanema sapanga yekha chithunzi, amangoonetsa chimene walandira. Mawayilesi ambiri amene timaonera pa dikoda safika pa 4K, ndipo PlayStation 4 wamba imathera pa 1080. Mphunzitsi wathu adalipira timadontho timene sadationepo n'kamodzi komwe. Nkhwani wothira mu mbale ya galasi amakhala nkhwani yemweyo.

Chimodzimodzi mawu oti smart. Kanema wa smart amafuna intaneti, ndipo filimu imodzi imatha kumeza bandulo imene foni imakhala nayo sabata. Ngati pakhomo palibe intaneti yokhazikika, ndalamayo muiike pa TV guard ndi waya wabwino.

Wofuna kusewera magemu ayang'ane zinthu ziwiri zimene wogulitsa satchula. Choyamba, malo olowetsa waya wa HDMI akhale awiri kapena atatu, kuti dikoda ndi makina a magemu zisamalandane, chifukwa kuzulazula ndi kumene kumathyola malowo. Chachiwiri, m'menyu mukhale Game Mode. Kanema wamba amachedwetsa chithunzi pang'ono pofuna kuchikometsa, ndipo pa filimu sizioneka, koma pa gemu ya mpira mwana amadina kuti amenye, wosewera n'kumenya mochedwa. Game Mode imachotsa kuchedwako. Za 120Hz zimene zimalembedwa pa makatoni ena zili ndi ntchito kwa amene ali ndi PlayStation 5 kapena kompyuta yamphamvu. Kwa ena tonse 60Hz ndi yokwana.

Musanapereke ndalama, kanema ayatsidwe. Dzina limene likutuluka poyaka lifanane ndi limene lili pa felemu, ndipo nambala ya mtundu wake imene ili m'menyu ifanane ndi ya pa chipepala cha kumbuyo, chifukwa kumata dzina lotchuka pa kanema wosadziwika sikuvuta. Pemphani kuti aonetse chithunzi choyera mbee, kenako chakuda bii, ndipo muone ngati pali mizere, madontho kapena mbali ina yochita mdima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funsaninso anansi kuti amaonera chiyani. Kuyambira pamene maiko adagwirizana zosamukira ku digito pofika June 2015, kuonera kumadalira dikoda. Za mlongoti monga Kiliye Kiliye ndi GOtv zimagwira kumene mphepo ya siteshoni ikufika, ndipo phiri limodzi limatha kukutsekerezani. Za dishi monga DStv ndi Azam TV zimagwira paliponse pamene kumwamba kuli poyera, koma zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Walira mvula walira matope. Muwerengeretu malipiro a miyezi 12 musanasangalale ndi mtengo wa dishi.

Makina a magemu

Amene afala kwathu kuno ndi a kampani ya Sony. PlayStation 2 idatuluka mu 2000, ya 3 mu 2006, ya 4 mu 2013, ndipo ya 5 mu 2020. Madisiki a PlayStation 3 sagwira mu PlayStation 4, koma magemu ambiri a 4 amagwira mu 5. Kwa banja limene likungofuna kuti ana azisewera mpira Loweruka, PlayStation 4 ndi yokwana, ndipo mtundu wopyapyala wa Slim umene udatuluka mu 2016 umadya magetsi ochepa kuposa woyamba uja. PlayStation 5 ikakhala pa sewero imadya mawati pafupifupi 200, choncho pa sola yaing'ono musaiganizire n'komwe.

Magetsi athu ndi a mavoliti 230. Ku America ndi 120, ku Japan ndi 100. Chilichonse cha kaunjika muchitembenuze n'kuwerenga chipepala cha kumbuyo. Chikalembedwa 100-240V chili bwino. Chikalembedwa 110V kapena 120V yokha, monga makina ena akale, mukangolowetsa pakhoma mumva fungo. Za ku South Africa mavoliti ake ndi ofanana ndi athu, koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira. Gulani adaputa yolimba kapena mmisiri asinthe pulagiyo, m'malo mopana mawaya pa soketi ndi timitengo ta machesi monga tidaonera m'nyumba zina.

Pogula ya kaunjika, isewereni kwa mphindi 30 pomwepo. Fani ikamalira ngati chigayo ndiye kuti m'kati mwadzaza fumbi ndipo ikutentha. Ikani padi pansi osaigwira: wosewera akamayenda yekha, kandodo kake kadatha. Funsani ngati magemu amene alimo ali pa disiki kapena pa akaunti ya mwini wake wakale, chifukwa a pa akaunti ya wina angathe kutsekeka tsiku lililonse. Dziwaninso kuti magemu a masiku ano ndi aakulu. Imodzi imatha kukwana 50GB kapena kuposa, ndipo kuikopa pa bandulo ya foni ndi kutaya ndalama. Ana akamati akufuna FIFA yatsopano, auzeni kuti yomaliza ya dzina limenelo ku kampani ya EA idali FIFA 23, ndipo kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC. Ya Konami imene inkatchedwa PES idasanduka eFootball mu 2021. Ya zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo mpira wake ndi womwewo, mtengo n'kukhala wotsika kwambiri.

Pa katoni ya gemu pamakhala nambala: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ndi zaka za msinkhu woyenera. Ya mpira ndi 3. Grand Theft Auto V, imene anyamata amaikonda m'malo osewerera, ndi 18, ndipo sadailembe chabe. Kholo losadziwa Chingerezi lingathe kuwerenga nambala imeneyi. Makinawo akhale pa balaza pamene aliyense akudutsa, osati kuchipinda kwa ana.

Nanga PlayStation ya mphunzitsi wathu? Iye adali atagamula kale kuti yafa. Vuto lidali hadi disiki yokha, imene idaonongeka ndi kuthimathima kuja. Mu PlayStation 4 hadi disiki ndi ya mainchesi 2.5, ngati ya laputopu, ndipo imachoka ndi sikuludiraiva. Mmisiri wa pa boma adaikamo SSD, adalowetsanso pulogalamu yake, makina adadzuka ndipo magemu akutseguka msanga kuposa kale.

Kompyuta: konzani chofooka chokha

Makolo ena akonda kompyuta chifukwa mwana angathe kuchitirapo za sukulu masana, magemu madzulo. Ndi nzeru yabwino, ndipo ubwino wa kompyuta ya pa tebulo ndi woti mumaikulitsa pang'onopang'ono monga timamangira nyumba, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata. Laputopu siili choncho. Mungathe kuonjezera RAM ndi SSD mu zambiri mwa izo, koma gawo lopanga zithunzi lidamatiridwa m'kati ndipo silisinthika.

Zambiri zimene zimagulitsidwa ku Mzuzu, Lilongwe ndi Limbe ndi zotuluka m'maofesi a kunja, za Dell ndi HP. Ndi zolimba ndithu. Koma wogulitsa akati "iyi ndi Core i7", funsani kuti ya m'badwo uti. Manambala oyambirira pambuyo pa kamzere ndiwo amanena: i5-4570 ndi ya m'badwo wa 4, ya mu 2013, pamene i5-8500 ndi ya m'badwo wa 8. Izi n'zofunika kaamba koti kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Core i5 ya m'badwo wa 8 ikupindulirani zaka zambiri kuposa i7 ya m'badwo wa 3.

Pokulitsa, tsatani ndondomeko iyi. Yambani ndi SSD ngati muli hadi disiki yakale yozungulira, chifukwa palibe china chimene chimasintha kompyuta yochedwa ndi ndalama zochepa kuposa ichi. Kachiwiri RAM: 8GB ndi poyambira, 16GB ndi pabwino pa magemu. RAM ili m'mitundu, DDR3, DDR4 ndi DDR5, ndipo wina sulowa m'malo a unzake, choncho zulani imene ilimo mupite nayo kusitolo. Timitengo tiwiri ta 8GB timagwira bwino kuposa kamodzi ka 16GB.

Kachitatu ndi khadi ya zithunzi, imene amisiri amati graphics card. Imeneyi ndiyo mtima wa magemu, ndipo ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Makompyuta a muofesi aja, makamaka opyapyala, amakhala ndi pawa sapulayi yaing'ono, ya mawati 240 kapena kucheperapo, ndipo bokosi lake ndi lothina. Khadi yaikulu siilowa, ndipo ikalowa kompyuta imathima pakati pa sewero. Zoyenera mmenemo ndi makadi aafupi amene safuna waya wawowawo wa magetsi, monga GTX 1050 Ti ya mu 2016 ndi GTX 1650 ya mu 2019, amene amadya mawati 75. Tsegulani bokosi, werengani nambala ya pa pawa sapulayi, yezani malo, kenako mugule. Purosesa ndi yomalizira, chifukwa kuisintha nthawi zambiri kumakoka bolodi ndi RAM, ndiye kuti mwagula kompyuta ina.

Adani a kompyuta ndi atatu: kuthima kwa magetsi, fumbi ndi kutentha. Kabokosi ka UPS kamakupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse bwinobwino. Fumbi la m'chilimwe ku Chitipa ndi kutentha kwa October kwathu kunyanja zimachita ntchito imodzi yotseka mpweya. Musaike makina pansi kapena m'kabati yotseka, musawafunditse nsalu yoluka akuyaka, ndipo kamodzi pa chaka mmisiri awatsegule awapukute.

Pogula ndi ponyamula

Mitengo sitilemba, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wolembedwa lero umakhala bodza pofika magazini yotsatira. Koma mtengo weniweni wa kanema si wa pa sitolo wokha. Onjezerani thiransipoti, msonkho wa MRA pa chipata, TV guard, waya, ndi mtunda umene mudzayende akadzaonongeka. Wotsika mtengo wa ku Tunduma kapena ku Johannesburg alibe kobwerera, pamene wokwererapo pang'ono wa m'sitolo imene mungathe kufikako pa minibasi ali ndi mwini wake. Lisiti likhale ndi nambala ya kanemayo ndi miyezi imene akulonjeza kumukonza. Funsaninso mmisiri wa kwanu kuti ndi mitundu iti imene zipangizo zake amazipeza. Safunsa adadya phula.

Ponyamula, kanema aime chilili m'katoni yake, asagone chafufumimba ndipo pamwamba pasakhale thumba. Galasi lake ndi lopyapyala, ndipo likasweka kukonza kwake n'chimodzimodzi kugula wina. Amene mukulandira kuchokera ku Joni, muuzeni mwanayo asanagule kuti kunyumba kuli magetsi otani ndipo balaza ndi lalikulu bwanji. Ambiri amatumiza wamkulu pofuna kusangalatsa makolo, osadziwa kuti akutumiza mtolo.

Momwe zidathera

Tisananyamuke tidakhala pansi atatu, ife, mphunzitsi ndi mkazi wake, pensulo ili m'manja mwa mayiyo. Kanema wamkulu uja adagulidwa ndi mwini malo ena odyera pa boma pamene pali ESCOM, pa mtengo wotsikirapo. Ndalamayo idagula wa mainchesi 32 ndi batire yatsopano, ndipo yotsala idabwerera ku usipa. Ngongole ya banki m'khonde ikadalipo, akuti itha pofika nthawi yokolola. Mpira tsopano umatha mpaka wenzulo yomaliza, ndipo magemu amaseweredwa masana okha dzuwa likuswa mtengo, pamene panelo ikudyetsa. Panelo yachiwiri adagwirizana kuti idzagulidwa ndi ndalama za bizinesiyo, osati za usipa.

Potiperekeza pa siteji mnyamatayo adati: "Amjomba, mukakalemba mukanene kuti ndidalakwa posafunsa mayi a kunyumba. Iwo ndiwo amadziwa kuwerengera." Talemba monga adatipempha.

Kwa bambo amene mumangogwedeza mutu m'sitolo, ulendo wotsatira tengani kapepala kokhala ndi zinthu zinayi: magetsi amene muli nawo, mamita a balaza lanu, chimene mudzalumikize ku kanemayo, ndi dzina la mmisiri amene adzamukonze. Tengani tepi, ndipo tenganinso amayi.

Pitirizani kutilembera. Tikumanenso m'magazini yotsatira.